Khola la nkhuku lizipita mpweya

Anzanga oweta nkhuku, pomanga khola musatseke paliponse poopa kuzizira. Chimene chimadwalitsa nkhuku kwambiri ndi chinyontho komanso fungo la zitosi. Siyani mipata m'mwamba, pafupi ndi denga, muitchinge ndi waya wa sefa kuti makoswe ndi njoka zisalowe. Mukatsegula m'mawa fungo n'kukuwawani m'maso, chotsani zitosi, muwaze utuchi wouma.

Nkhuku zanga zinayamba kuwonda n'kumakana kulowa madzulo. Nditaunika ndi tochi usiku, ndinapeza utitiri wadzaza m'ming'alu ya mtengo umene zimagonapo. Masana suoneka, umabisala. Choncho ikani mitengo yosalala, yoti muzitha kuichotsa n'kuithira madzi otentha.

Katemera wa chitopa musamuphonye, matendawa alibe mankhwala.