Momwe mungafikitsire mawu anu ku komiti ya aphungu bilu isanakhale lamulo

Madzi a namondwe wa Freddy atayamba kuphwa mu 2023, ambiri a ife kuno ku Chigwa cha Shire tinali tikadali m'misasa. Ine ndinkathandiza kulemba mayina a mabanja pamsasa wina wa pasukulu ya pulayimale. Madzulo ena, wailesi imene tinaikoloweka pa nthambi ya mtengo wa nimu inalengeza kuti aphungu avomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa lija la 1991. Agogo ena aakazi amene ankapeta ufa pafupi nane anaimika lichero n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, akuti lamulolo ndi la ife okokoloka ndi madzi. Nanga anatifunsa liti?" Ndinasowa chowayankha. Biluyo inatenga zaka ikukonzedwa, koma pamsasa ponse panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa khomo lolowera kuti akayankhulepo.

Khomolo lilipo, ndipo ndi komiti ya aphungu. Ndalemba izi kuti mlimi wa thonje ku Ngabu, msodzi wa ku Elephant Marsh, mayi wa dimba ku Makhanga kapena mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ku Tengani adziwe nthawi imene khomolo limatseguka ndi chimene ayenera kunyamula polowa.

Yambani ndi kudziwa pamene bilu yafika

Bilu ndi lamulo limene likadali pa pepala, lisanavomerezedwe. Zambiri zimachokera ku boma: unduna umakonza mfundo, akatswiri a ku Unduna wa Zachilungamo amazilemba m'chiyankhulo cha malamulo, nduna zonse zimagwirizana, kenako biluyo imasindikizidwa mu Gazette, chikalata chimene boma limalengezeramo malamulo ndi zidziwitso zake. Phungu payekha amathanso kubweretsa bilu yake. Malamulo oyendetsera zokambirana m'Nyumba ya Malamulo amafuna kuti papite masiku 28 bilu itasindikizidwa isanayambe kukambidwa. Masiku amenewa ndi anu. Chomvetsa chisoni n'chakuti Nyumba ili ndi mphamvu yowadumpha, ndipo imachita zimenezi kawirikawiri, makamaka pa mabilu ololeza boma kubwereka ndalama. Choncho mukamva pa wailesi kuti bilu yakutiyakuti ikubwera pamkumano uno wa aphungu, musadikire Lamulungu. Imbirani phungu wanu tsiku lomwelo, mumufunse zinthu ziwiri zokha: biluyo yafika pati, ndipo ipita ku komiti iti.

M'Nyumba muli makwerero amene bilu imadutsa. Pa kuwerenga koyamba amangotchula dzina la bilu, palibe mtsutso. Pa kuwerenga kwachiwiri nduna imafotokoza cholinga chake, oyankhulira zipani amayankha, aphungu amatsutsana pa mfundo zikuluzikulu. Ndi panthawi ziwirizi pamene Nyumba imatha kunena kuti biluyo iyambe yapita ku komiti kuti ikaunikidwe bwino. Si bilu iliyonse imene imapitako. Phungu akhoza kuimirira n'kupempha kuti itumizidwe, ndipo Nyumba ikavomereza, Sipikala amalengeza komiti imene yapatsidwa ntchitoyo. Apa ndiye pali ntchito yoyamba imene mungamutume phungu wanu: ngati bilu ikukhudza malo, madzi, mbewu kapena kusamuka kwathu, mupempheni kuti alimbikire zoti isadutse osapita ku komiti.

Dziwani komiti yoyenera

Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 56, amalamula kuti pakhale komiti ya zamalamulo, ya za bajeti, ndi younika anthu osankhidwa m'maudindo akuluakulu a boma, ndiponso kuti zipani zonse za m'Nyumba ziyimiridwe m'makomiti amenewa molingana ndi chiwerengero cha aphungu ake. Palinso makomiti ena amene amayang'anira maunduna: ya zaulimi, ya zaumoyo, ya zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, ya maboma ang'onoang'ono ndi ena. Bilu imapita ku komiti imene ntchito yake ikugwirizana ndi nkhaniyo, ndipo nthawi zina makomiti awiri amakhala pamodzi, mwachitsanzo ya zamalamulo ndi ya zaulimi.

Chimene ndimakondera komiti n'chakuti ndi kagulu kochepa. M'Nyumba yaikulu muli aphungu oposa 200, aliyense akufuna aoneke pa kanema kuti akumenyera nkhondo chipani chake. M'chipinda cha komiti amakhala mozungulira tebulo, bilu ili m'manja, n'kumaitana akuluakulu a unduna, mabungwe, mafumu ndi aliyense amene ali ndi mfundo. Munthu wa chipani china amatha kugwirizana ndi wa chipani chinzake popanda womukuwiza.

Musasokoneze komiti imeneyi ndi ina imene mumaimva pa wailesi, aphungu onse akakhala ngati komiti imodzi m'Nyumba momwemo n'kumadutsa ndime iliyonse ya bilu. Pamenepo wolankhula ndi phungu yekha, inu simungalowererepo. Mawu anu amafikako pokhapokha ngati munawasiya kale m'manja mwa komiti yaying'ono ija kapena mwa phungu wanu.

Pezani biluyo, muiwerenge pagulu

Apa ndi pamene ambiri timagwera ulesi, ndipo sindikuwadzudzula. Mabilu amalembedwa m'Chingerezi, Chingerezi chakenso cha maloya, pamene ife pakhomo timayankhula Chisena, Chimang'anja ndi Chichewa. Komabe safunsa anadya phula. Pemphani kope kwa phungu wanu kuti akutumizireni pa WhatsApp, yang'anani pa tsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo, kapena funsani mabungwe amene akugwira ntchito m'boma lanu. Musaope kupempha. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020.

Mukaipeza, musaiwerenge nokha m'nyumba. Itanani anthu khumi kapena khumi ndi asanu pansi pa mtengo m'mawa dzuwa lisanakwere, pakuti tonse tikudziwa kuti kuno ikakwana 11 koloko mutu sugwiranso. Pakhale mphunzitsi kapena wachinyamata wodziwa Chingerezi woti azimasulira, pakhale nyakwawa kapena agulupu, pakhale amayi, pakhalenso munthu amene nkhaniyo ikumukhudza pakhungu. Yambani ndi mawu ofotokoza cholinga cha biluyo, kenako gawo lomasulira matanthauzo a mawu. Gawo limeneli ambiri amalidumpha, koma ndi mmene mumabisala zinthu. Ngati bilu ikunena za "mwini malo", onani ngati mayi wamasiye amene akulima munda wa malemu mwamuna wake akuwerengedwa. Ngati ikunena za "dera langozi", onani kuti woloza derali ndani, ndipo ayenera kufunsa yani asanaloze. Mukatero pitani pa ndime zonena za mphamvu za nduna, za zilango, ndi za chipukuta misozi.

Pa ndime iliyonse womasulira aime, afunse gulu kuti, "Izi zikachitika m'mudzi muno, chichitike n'chiyani?" Mlembi alembe nambala ya ndimeyo ndi zimene anthu anena. Mudzadabwa kuona kuti agogo osadziwa kulemba dzina lawo ndi amene amagwira vuto msanga, chifukwa iwo anasamukapo kangapo, mu 2015, mu 2019, mu 2022, ndipo akudziwa chimene chimabweza munthu kuchoka kumtunda kubwerera kumadzi.

Lembani kalata imene phungu angaigwiritse ntchito

Komiti siifuna kulira kokha. Aphungu akafika pa lipoti lawo amafuna mawu oti achotse, oti asinthe ndi oti awonjezere. Kalata yonena kuti "ife anthu a ku Chikwawa tikuvutika, boma litiganizire" ndi yoona, koma palibe ndime imene ingasinthe nayo. Tiyerekeze kuti pali bilu yonena kuti anthu okhala m'dera langozi asamutsidwe. Kalata yothandiza inganene motere: ndime yakutiyakuti ikupereka mphamvu yosamutsa anthu koma siikunena za madimba awo, ife chakudya chathu chimachokera ku chimanga, mbatata ndi nyemba zimene timadzala m'chinyontho madzi akaphwa, tikupempha kuti muwonjezere mawu akuti wosamutsidwa apitirize kulima dimba lake, ndiponso kuti malo atsopano akhale ndi mjigo asanafikeko anthu. Mawu ochepa otere phungu amatha kuwanyamula momwe alili.

Masamba awiri akwana. Pamwamba lembani dzina la biluyo ndi chaka chake. Nenani kuti ndinu ndani, muli angati, ndipo munakumana liti. Sankhani mfundo zitatu kapena zinayi zolemera, zina zisiyeni. Pamapeto pemphani kuti komiti ikuitaneni mudzayankhule pamaso pake, kapena ibwere kuno idzaone yokha, chifukwa makomiti amayenda m'maboma akapeza ndalama. Onse asaine kapena adinde chala, amfumu adinde chidindo. Ngati n'kotheka lembani m'Chingerezi, popeza ndicho chiyankhulo cha Nyumba, koma phatikizanipo ya Chichewa imene anthu anaimva ndi kuivomereza.

Kalatayo ilembedwe kwa Mlembi Wamkulu wa Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, yopita kwa wapampando wa komiti imene ili ndi biluyo. Kope lina mupatse phungu wanu pamanja, lina lipite kwa bwanamkubwa, lina litsale m'faelo ya komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC). Musadalire njira imodzi. Ife tinapatsirapo munthu wina wa bungwe kalata yathu yokhudza mitengo ya thonje, ndipo patapita miyezi iwiri tinaipeza ikadali m'galimoto mwake, itapindika ndi dzuwa. Kuyambira pamenepo timaijambula pafoni n'kuitumizanso pa imelo tsiku lomwelo, ndipo timaimba kufunsa ngati yalandiridwa.

Ngati mwaitanidwa

Tumizani anthu awiri kapena atatu, ndipo pakhale mayi. Nthawi imakhala yochepa, choncho woyamba anene ndime ndi kusintha kumene mukufuna, wachiwiri afotokoze nkhani imodzi yeniyeni ya m'mudzi. Uzani mlembi wa komiti pasadakhale ngati wina adzayankhule Chichewa kapena Chisena. Mukafunsidwa chinthu chimene simukuchidziwa, nenani kuti mukafufuza n'kutumiza yankho. Nambala yongopeka ikagwidwa imagwetsa kalata yonse. Zovala za chipani zisiyeni kunyumba.

Wina anganene kuti zonsezi n'kutaya nthawi, aphungu amachita zofuna akuluakulu awo. Nthawi zina zimaterodi. Koma kumbukirani bilu ya HIV ndi Edzi ya mu 2017. Inali ndi ndime zokakamiza magulu ena a anthu kuyezetsa magazi ndi zopereka chilango kwa munthu woganiziridwa kuti wapatsira mnzake kachilombo. Amayi amene ali ndi kachilomboka anasonkhana, anakumana ndi aphungu, anafotokoza kuti popeza iwo ndiwo amayamba kuyezedwa ku sikelo, ndiwonso adzayambe kulozedwa chala ndi kumangidwa. Pofika November chaka chimenecho Nyumba inavomereza lamulolo ndime zimenezo zitachotsedwa. Sanali maloya onse amayi aja, ambiri anali ngati amayi athu a m'magulu othandizana a kuno ku Bangula ndi ku Nchalo.

Tsatirani mpaka kumapeto

Komiti siipanga lamulo. Imalemba lipoti, wapampando wake amaliwerenga m'Nyumba, ndipo zosintha zimene yapempha zimavomerezedwa kapena kukanidwa aphungu onse akamadutsa ndime imodziimodzi. Tsiku limenelo tcherani khutu ku wailesi kapena onerani pa tsamba la Facebook la Nyumba ya Malamulo, bilu yanu ili pambali, muzichonga ndime zanu. Usiku wake mukumbutseni phungu wanu ndi uthenga waufupi wokhala ndi manambala a ndimezo. Wailesi za m'dera lathu, monga Nyanthepa ndi Gaka, zipempheni kuti zimuitane adzafotokoze zimene ananena ndi mmene anavotera.

Bilu ikawerengedwa kachitatu n'kuvomerezedwa imapita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake. Ikasainidwa siiyamba kugwira ntchito mpaka itasindikizidwa mu Gazette, ndipo malamulo ena amadikiranso tsiku limene nduna idzalengeze. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe ndi limene likugwiritsidwa ntchito polembetsa minda m'madera amene mukudutsa ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira, linayamba kugwira ntchito mu 2018.

Ngati mfundo zanu sizinalowe, kope lija la m'faelo ya ADC musalitaye. Malamulo a malo a 2016 omwewo anabwereranso m'Nyumba n'kusinthidwa mu 2022, mafumu ndi anthu ena atadandaula kwa zaka. Bilu yosintha lamulo imadutsa makwerero omwewa, ndipo nayonso ikhoza kutumizidwa ku komiti. Mlembi wanu azilemba m'kope lomwelo, ndi tsiku lake, nkhani iliyonse imene ndime munaidandaula ija yavutitsa munthu m'mudzi, kuti ulendo winawo mudzapite ndi umboni wa mayina a midzi ndi masiku.