Kuchotsa ndere pakhonde ndi m'bafa ya panja

Mvula ikakhazikika kuno ku Mchinji, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndere zimamera paliponse pamene madzi amadikha ndipo dzuwa silifika: kuseri kwa nyumba, m'bafa ya panja, m'munsi mwa khoma la njerwa. Pasimenti pamaterera koopsa, makamaka kwa agogo ndi ana.

Sankhani tsiku lopanda mvula. Yambani mwapala zokhuthalazo ndi fosholo, kenaka kwechani ndi burashi yolimba. Yawaya isiyeni ngati simentiyo ndi yofooka, chifukwa imakumba timaenje momwe madzi adzakhalenso. Sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 10 a madzi, thirani, dikirani mphindi 15, kwechaninso n'kutsukuluza. Valani magolovesi, ndipo madzi amenewa asalowe m'dimba, amawotcha ndiwo. Musayerekeze kusakaniza Jik ndi viniga kapena mankhwala otsukira chimbudzi: mpweya wotulukawo ndi wapoizoni.

Chinyezi chikatsala, ndere zibweranso basi. Dulirani nthambi za mango zotchinga dzuwa, kumbani kangalande pamene pamagwera madzi a padenga, ndipo pamalo polowa matanipo simenti, pakhale potsetsereka pang'ono kuti madzi azingodutsa.