Ngati SUV yanu yakale ikumwa mafuta kwambiri

Musanathamangire kwa makaniko, yambani mwayeza. Dzazani thanki, bwezani trip meter (kowerengera makilomita a ulendo) pa 0, yendani monga mwa masiku onse, ndipo mukadzazanso gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa, kuti mudziwe makilomita amene ikuyenda pa lita imodzi. Geji ya mafuta yokha singakuuzeni zenizeni.

Kenako matayala. Yezani mpweya m'mawa asanatenthe, motsatira nambala zolembedwa pachitseko cha dalaivala. Onaninso ngati simunaiwale galimoto pa 4H (pamene injini imakoka matayala onse anayi) mukuyenda pa tala, ndipo kaliyala wapadenga ngati alibe ntchito mutsitseni.

Chimene ambiri sachilabadira ndi thermostat, kavalavu kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini. Mukayenda mphindi 15 geji ya kutentha idakali pansi, mwina inakakamira ili chitsegukire. Injini ikakhala yozizira, kompyuta imaithira mafuta ochuluka ulendo wonse. Ena amaichotsa dala thermostat poopa kuti injini itentha, koma chonde musatero, bwezeranimo yatsopano.

Mukaima, yandikitsani dzanja pa rimu iliyonse osaikhudza. Imene yatentha kuposa zinzake, mwina mabuleki ake akukakamira. Nyali ya check engine ikayaka, lumikizani kamakina ka OBD2 (kowerenga mavuto mu kompyuta ya galimoto) muone vuto musanagule oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya wa okosijeni mu utsi) mongoganizira.