Musanakwirire dzenje, onani kumene madzi akupita

Ndagwira ukapitawo wokonza misewu kuno ku Dedza zaka zambiri, ndipo chimene chimandiwawa n'kuona anthu akuthira phula pamene ngalande yatsekeka. Phula n'chofunda chabe. Mphamvu ya msewu ili m'miyala ndi m'dothi lotsendereka la pansi pake. Pamenepo pakanyowa, lole yodzaza mbatatesi yochokera ku Bembeke ikangodutsa kangapo, dzenje labadwa.

Yambani mu Epulo kapena Meyi, mvula itangoleka. Yendani wapansi, kope lili m'manja, chifukwa muli m'galimoto simungaone ming'alu. Lembani malo, kukula kwa vutolo, ndi kumene madzi anadutsa. Mng'alu umodzi wautali ndi wosavuta: uyeretseni, muutseke ndi phula madzi asanalowe. Koma mukaona ming'alu yolukanalukana ngati khungu la ng'ona, makamaka m'mene mumaponda matayala, dziwani kuti pansi pafa kale. Pamenepo mukumbe ndithu. Kumata pamwamba n'kutaya ndalama.

Ndalama zikachepa, ndipo nthawi zambiri zimachepa, musathamangire pamene paipitsitsa. Yambani ndi ngalande ndi makalavati, kenako ming'alu ya pamene msewu udakali bwino, maenje pambuyo. Pokhapokha ngati dzenjelo lingaphe munthu, ilo lisagone. Makalavati onse akhale otseguka Okutobala asanathe. Kuno kumapiri, ngati ku Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, madzi amatsika ndi ukali atanyamula mchenga ndi mapesi. Chaka china tinasiya kalavati imodzi yotsekeka poti tidzaitsegula mawa. Usiku womwewo mvula inagwa, m'mawa tinapeza m'mphepete mwa msewu mutadyeka mpaka pa phula. Fosholo ziwiri ndi wilibala zikanateteza zonsezo.

Dzenje lidulidwe makona anayi mpaka mufike polimba, khoma lake likhale loongoka. Sesani fumbi lonse, pakhale pouma. Bwezerani miyala pang'onopang'ono, mukutsendera gawo lililonse musanawonjezere lina, kenako pakani phula lamadzi pansi ndi m'mbali kuti chigamba chigwire. Chigambacho chizitumphuka pang'ono, magalimoto adzachitsitsa okha. Achinyamata amene mumathira dothi m'maenje, ndikudziwa kuti mukufuna kuthandiza, koma dothi limasunga chinyezi ndipo dzenje limakula.

Dziwaninso mwini msewu. M1, wodutsa pa Linthipe, Dedza, Lizulu mpaka Ntcheu, uli m'manja mwa bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority, ndipo ndalama zake zimachokera ku bungwe losonkhanitsa ndalama za misewu la Roads Fund Administration: msonkho wa pa mafuta ndi zipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni. Msewu wotere musaukumbe nokha, kanenani ku Roads Authority. Misewu ya kumidzi ndi ya khonsolo, choncho kope lanu lija lidzere ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi ya chitukuko cha m'dera (ADC) bajeti isanakonzedwe. Mulembemo mtunda ndi dzina la mudzi, ndipo mujambule chithunzi madzi akadali pamsewupo.