Momwe mungaphunzitsire Chingelezi mwana wolankhula Chisipanishi

Ngati mumalera ana kapena kuthandiza m'kalasi ku America, tsiku lina adzakubweretserani kamwana ka zaka zisanu kochokera ku Mexico, Honduras kapena Guatemala, kosadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chingelezi.

Choyamba, funsani makolo chinenero cha pakhomo. Mabanja ena a ku Guatemala amalankhula Mam kapena K'iche', ndipo Chisipanishi nachonso n'chophunzira.

Kenako musamuumirize kulankhula. Akhoza kukhala duu kwa milungu, mwinanso miyezi, koma makutu akugwira ntchito. Nenani "stand up" mukuimirira, "open the door" mukutsegula chitseko, iye azitsanzira. Njira imeneyi anaifalitsa ndi pulofesa wa ku America James Asher m'zaka za m'ma 1960. Pensulo idikire kaye. Mawu oyamba akhale a zosowa zake: "water", "bathroom", "it hurts". Mwana wosadziwa kupempha kuchimbudzi amadzikodzera, anzake n'kumuseka, ndiye mawa sukulu waikana. Inunso lowezani mawu a Chisipanishi akuti "agua" (madzi) ndi "baño" (chimbudzi).

Pa katchulidwe m'pamene ife tili ndi mwayi. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a e i o u, omveka ngati athu. Choncho "ship" ndi "sheep" kwa iye n'chimodzimodzi, monga zinalili kwa ife ku pulayimale. Ife "school" tinaisandutsa sukulu, iye amati "eschool", poti kwawo mawu sayamba ndi s wotsatana ndi konsonanti ina. Muuzeni alire ngati njoka, sss, kenako amalize liwulo. "B" ndi "v" amazitchulanso mofanana; mupatseni kalilole aone mano akukhudza mlomo wam'munsi ponena "van". Akalakwitsa musamudzudzule, ingobwerezani chiganizocho molondola.

Mawu ofanana m'Chingelezi ndi m'Chisipanishi alipo ambiri: "animal", "hospital", "doctor". Koma ena ndi msampha. "Sopa" ndi supu, si sopo. "Ropa" ndi zovala, si chingwe ("rope").

Makolo auzeni apitirize kumufotokozera nthano m'chinenero chawo. Amene tinalangidwapo kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa tikudziwa kuti chilangocho chinkangotitseka pakamwa.

Akayamba kulongolola ndi anzake pabwalo, musaganize kuti mwamaliza. Katswiri wa maphunziro a zinenero Jim Cummins anapeza kuti Chingelezi chochezera chimabwera m'zaka ziwiri, koma cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7. Pitirizani kumuwerengera buku la zithunzi tsiku lililonse, ngakhale likhale lomwelo la dzulo.