Mmene tinathetsera vuto lodula kasitomala ndalama kawiri

Dongosolo lathu la pakompyuta lolandirira maoda lili ndi ma service atatu, kutanthauza mapulogalamu oima paokha: ya maoda, ya malipiro ndi ya katundu. Poyamba ankangotumizirana mauthenga kudzera pa RabbitMQ, pulogalamu yonyamula mauthenga pakati pa mapulogalamu, popanda woyang'anira. Service ya malipiro ikachedwa kuyankha kupitirira masekondi 30, ya maoda inkatumizanso pempho lomwelo, kasitomala n'kudulidwa ndalama kawiri. Cholakwika chinali kuganiza kuti yankho likachedwa ndiye kuti ndalama sizinadulidwe, pomwe nthawi zambiri zinkakhala zitadulidwa kale.

Tinayamba ndi idempotency key, nambala yothandiza kuzindikira pempho lobwerezedwa. Oda iliyonse imatumiza nambala yakeyake, ndipo service ya malipiro imaisunga mu tebulo la database ya PostgreSQL lokhala ndi unique constraint, lamulo loletsa kuti nambala imodzi ilembedwe kawiri. Pempho likabweranso ndi nambala yomweyo, sidulanso ndalama, imangobweza yankho loyamba lija.

Kenako tinaika saga, njira yogawa ntchito ya oda m'masitepe otsatizana, yokhala ndi orchestrator (pulogalamu yoyang'anira) mmodzi amene amalemba sitepe imene oda yafikapo: katundu wasungidwa, ndalama zadulidwa, katundu watumizidwa. Sitepe iliyonse ili ndi njira yobwezera. Malipiro akakanika, katundu wosungidwa uja amamasulidwa. Tinasankha kusunga katundu kaye, chifukwa kumasula katundu n'kosavuta kusiyana ndi kubweza ndalama.

Panatsala kabowo kamodzi: seva ikazima italemba mu database koma isanatumize uthenga, oda inkangoima pakati. Tsopano uthengawo umalembedwa mu tebulo la outbox, la mauthenga odikira kutumizidwa, mu transaction yomweyo, kutanthauza kuti uthenga ndi zina zolembedwa mu database zimalembedwa limodzi kapena kulephera limodzi, ndipo kapulogalamu kena kamawerenga tebulolo n'kutumiza ku RabbitMQ. Uthenga ukhoza kufika kawiri, n'chifukwa chake ma service onse amayang'ana nambala ija asanachite kanthu.