Momwe mungadziwire ngati galimoto ili ndi airbag

Galimoto zambiri za ku Japan zomwe timalandira kudzera ku Dar es Salaam, monga Vitz, Passo ndi Sienta, zinachoka ku fakitale zili ndi airbag, thumba lomwe limafufuma pangozi kuti likutetezeni. Funso pogula galimoto yotere ndi lakuti: kodi ma airbag akadalimo?

Yambani ndi maso. Pakati pa chiwongolero ndi pa dashibodi mbali ya pasenjala pamalembedwa SRS AIRBAG. Zina zimakhalanso nazo m'mbali mwa mipando ndi pamwamba pa zitseko. Koma chilembo chili pa chivundikiro chabe, ndipo zivundikiro zimagulitsidwa motchipa kwa ogulitsa zida za galimoto zangozi. Papasani ndi chala. Mukamva guluu, mng'alu wopakidwa penti, kapena mtundu wake ukusiyana ndi dashibodi yonse, kayikirani.

Tsopano kanyali ka airbag ka pa dashibodi, ndipo apa musathamange. Tembenuzani kiyi kufika pa ON koma injini musailize. Kanyali kofiira ka munthu wokhala pampando ndi mpira patsogolo pake kayenera kuyaka, kenaka kuzima kokha pakadutsa masekondi pafupifupi 6. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anachotsa babu. Kakangoyakabe, pali vuto. Chinyengo chomwe ndinakumana nacho ine chinali chochenjera kuposa apa: kanyali kankayaka bwinobwino n'kuzima injini ikalira, wogulitsa nayenso akuliza mwachangu uku akundichezetsa. Makaniko atatsegula, anapeza waya wake atalumikizidwa ku kanyali ka oyilo, m'chiwongolero muli mbee. Ndiye kiyi gwirani nokha. Injini isanalire, ka oyilo ndi ka batire kazikhalabe koyaka, ka airbag kokha kazime. Zikamazimira limodzi, musapereke ndalama.

Kokaninso malamba. Pangozi yaikulu lamba amakhwimira pomwepo osabwereranso, choncho lamba wolimba kapena watsopano mbali imodzi yokha ali ndi nkhani yake.

Mukakhutira, pitani nayo kwa wa zamagetsi a galimoto aiike pa kompyuta. Amalipiritsa ndithu, koma n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa airbag imodzi. Onetsetsani kuti makina ake amawerenga SRS, yomwe ndi mbali ya airbag, poti timakina totchipa timangoona za injini. Chiwongolero musamasule nokha, airbag imaphulika.

Nambala ya chasisi ifufuzeninso pa webusaiti ya kampani yopanga galimotoyo, muone ngati airbag yake ikufunika kusinthidwa. Ma airbag a Takata, kampani yomwe inagwa mu 2017, anaitanidwa kuti akasinthidwe chifukwa ena ankaphulika n'kumwaza zidutswa za chitsulo, ndipo galimoto zina zinachoka ku Japan zisanasinthidwe.